Galu Wamkota ndi Mawondo a Mayi Anga

Nthawi zambiri timakangana muno za mayina a zipangizo zatsopano, ena amati tizibwereka mawu, ena amati tiziumba athu. Ine ndabwera ndi liwu limodzi lomwe lidandisowetsa mtendere chaka chathunthu, liwu lakuti laser. Koma sindingalifotokoze ndisananene za galu wina wokalamba ndi za mayi anga, choncho mundilole ndiyambire patali.

Kwathu ndi ku Dedza, m'munsi mwa phiri la Chongoni. Ndidabwera kuno mu 2015, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ya mayi wina wachizungu, wamasiye, ku Rynfield. Benoni ndi umodzi mwa matauni a Ekurhuleni, dera lomwe makolo athu a nthawi ya Wenela ankalidziwa ndi migodi ya golide ya ku Boksburg, Brakpan ndi Springs. Milu ina ya mchenga wachikasu wa m'migodimo ikadalipo m'mbali mwa misewu. Agogo anga aamuna adakumbako pansi pa nthaka ya dera lino, ine ndimatchetcha udzu pamwamba pake. Chomwe chimafanana kuno ndi kwathu ndi chisanu. Dedza ndi Benoni onse ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July kuno kumacha kapinga atayera mbuu, nthawi zina madzi a m'mbale ya galu ataundana pamwamba.

Mmawa wina wotero, galu wa panyumbapo adalephera kudzuka. Dzina lake adali Bruno, wa mtundu wa Labrador, wakuda, wonenepa, wa zaka 11. Masiku onse ankandichingamira pa geti, koma tsikulo adangodzutsa mutu, namenya mchira pansi kawiri. Atayesa kuimirira, miyendo yakumbuyo idakana. Adakhalanso pansi osalira ngakhale pang'ono. Adona manja awo ngopindika zala, sakanatha kumunyamula, tsono ndidamunyamula ine kumuika m'galimoto, ndipo tidapita naye kwa dokotala wa ziweto.

Ndinene zoona, ndinkaseka chamumtima. Kwathu galu ndi mlonda ndi mlenje. Amadya mkute ndi mafupa, amagona pa phulusa, ndipo akakalamba amangosowa tsiku lina kuseri kwa nkhokwe. A vetenale tinkawaona pa dibi la ng'ombe ndi pa katemera wa chiwewe basi. Munthu akafuna kukunyoza kotheratu amati ndiwe galu. Tsono ine, bambo wa ana atatu, ndidapezeka nditakhala pa benchi ya chipatala, galu ali pamiyendo, ndikudikira kuti aitane dzina lake.

Dokotala adamugwiragwira m'chiuno, m'mawondo ndi m'zigongono, adamujambula mafupa, natiuza kuti ndi nyamakazi ya ukalamba. Adatifotokozera kuti pamene mafupa awiri akumana pali kamnofu kolimba, koterera, kamene kamakuta nsonga zake kuti asakhulane. Kamnofuko kakaperepeseka sikameranso monga kale. Mfundo imatupa, fupa limamera tinthu tokhakhala m'mphepete, nyama imaleka kuyenda chifukwa cha ululu, ndipo ikaleka kuyenda minofu imafota, thupi limalemera, ululu nkuwonjezeka. Adati matendawa sadayambe mmawa umenewo, adayamba zaka zapitazo. Galu sanena kuti akumva kuwawa, ndipo ambiri salira nkomwe. Amangosiya zinthu chimodzichimodzi: lero kukwera masitepe, mawa kudumphira m'galimoto, mkuja kuthamangira mpira. Eni ake nkumati wakula, wayamba ulesi.

Adalemba mankhwala ochepetsa kutupa ndi ululu, adalamula kuti chakudya chichepe, kenaka adatchula chithandizo cha laser, kawiri pa sabata poyambira. Popeza adona sakanatha kumukweza ndi kumutsitsa, ntchitoyo idagwera ine.

Chipangizocho sichoopsa monga dzina lake. Ndi kabokosi kokhala ndi chingwe, kumapeto kwake kuli chogwirira chonga tochi. Aliyense m'chipindamo amavala magalasi akuda, ngakhale galu amene, chifukwa kuwalako kukalowa m'diso kumaononga. Namwino ankayendetsa tochiyo pang'onopang'ono pa chiuno ndi pa zigongono, osaimitsa malo amodzi, mphindi zochepa pa mfundo iliyonse. Adandiuza kuti ubweya wakuda umamwa kuwala kwambiri nkutentha msanga, motero kwa Bruno ankasamala koposa. Palibe kucheka, palibe jakisoni, palibe kugonetsa. Galuyo ankamva kufunda chabe, ndipo pa ulendo wachitatu adagona tulo mutu uli pa nsapato yanga.

Pokhala munthu wokonda kufunsa, ndidafunsa, ndipo zina ndidakawerenga ndekha usiku pa foni. Laser yoyamba idapangidwa mu 1960 ndi Theodore Maiman ku America. Mu 1967, dokotala wa ku Budapest dzina lake Endre Mester ankafuna kuona ngati kuwalaku kungayambitse khansa. Adameta mbewa za m'labotale, naziwalitsa ndi laser yofooka. Khansa sidabwere, koma ubweya wa mbewa zowalitsidwazo udamera msanga kuposa wa zinzake. Chithandizochi chidayambira pamenepo. Kuwala komwe amagwiritsa ntchito ndi kofiira, ndi kwina kotchedwa infrared komwe diso la munthu siliona. Kumalowa kupyola khungu, ndipo akatswiri amati kumafika pa tizigawo ta m'maselo totchedwa mitochondria, timene timapanga mphamvu ya selo, nkuthandiza kuti magazi ayende bwino pamalopo ndi kuti kutupa kuchepe. Sawalitsa pa chotupa cha khansa, pa maso, kapena pa mimba ya nyama ya bere.

Vuto langa lidayamba tsiku lomwe adona adandipatsira khadi kuti ndikalipire ndekha. Nditaona risiti, ndidapeza kuti mphindi zija za ulendo umodzi zidaposa malipiro anga a tsiku lathunthu. Ndidatuluka panja, galu ali pa chingwe, mtima ukuwira. Pakuti kwathu ku Dedza mayi anga, amene adandibereka kumbuyo popita kumunda ndi kuchigayo, adali ndi matenda omwewo. Mawondo awo ngodzaza mphini zomwe adatemera zaka zambiri. Mwezi uliwonse ndinkatumiza ndalama pa Mukuru, ndipo gawo lina linkagula mapiritsi a ululu pa golosale. Palibe adawajambulapo mafupa. Palibe adawagwirapo bondo mofatsa monga momwe namwino uja ankagwirira chiuno cha galu. Masabata awiri ndidamunyamula Bruno mwaukali, osamulankhula, ngati kuti mlanduwo udali wake.

Lamlungu lina ndidawaimbira mayi. Ndidawauza, mwina pofuna kuti akwiye nane pamodzi, kuti kuno galu akumuchiza nyamakazi ndi laser. Iwo adamva kuti Leza.

"Leza? Azungu afika poitana Leza kuti achize galu?"

Ndidaseka mpaka misozi, iwonso adaseka. Amene mudakulira pafupi ndi agogo mukudziwa kuti Leza ndi limodzi mwa mayina akale a Namalenga, pamodzi ndi Chauta, Mphambe ndi Chisumphi, ndipo likadali moyo m'liwu lakuti utawaleza. Ndidayesa kuwafotokozera ndi utawaleza womwewo. Ndidati, amayi, uta uja mtundu wake wakunja ndi wofiira, ndipo kuseri kwa kufiirako kuli kuwala kwina komwe maso athu saona, ndiko akuwalitsa pa galuyo. Adati, "Chabwino, mwananga. Kagalu kachita mwayi." Kenaka ndidafunsa funso langa la masabata onse, kuti nanga inu muli bwanji. Adayankha yankho lawo la masabata onse: "Ndili bwino, bambo. Kaya inu kumeneko ndi chisanucho."

Chomwe chidanditsegula maso chidali pepala. Pofuna kudziwa ngati chithandizo chikugwira, namwino adandipatsa mafunso oti ndiziyankha sabata iliyonse, popeza ine ndiye ndinkakhala ndi galuyo tsiku lonse. Panalibe funso lakuti kodi akumva kuwawa, chifukwa funso limenelo galu sangayankhe. Mafunso ake adali ena. Akagona, amatenga nthawi yotani kuti adzuke? Amakwera masitepe angati asanaime? Amafika pati poyenda asanakhale pansi? Amatha kunjuta podzithandiza? Usiku amagona, kapena amangotembenuka? Adasiya chiyani chomwe ankachikonda?

Ndidakhala pa bedi m'kachipinda kanga ka kuseri kwa nyumba, cholembera chili m'manja, ndikuyankha mosavuta funso lililonse. Ndinkadziwa kuti Bruno amaima pa sitepe yachiwiri. Ndinkadziwa kuti poyenda ku Homestead Dam amakhala pansi tikafika pa mtengo wachitatu. Kenaka ndidadzifunsa mafunso omwewo za mayi anga, ndipo sindidathe kuyankha ngakhale limodzi. Zaka zonsezo ndinkawafunsa funso lokhalo lomwe ulemu wathu sulola kholo kuliyankha moona. Mayi wachichewa sadandaulira mwana amene ali kutali. Amaopa kumusokoneza pa ntchito, amaopa kuoneka wopempha. Moni wathu udapangidwa kuti ubise ululu, ndipo ine ndinkabisala momwemo, ndikumatumiza ndalama nkumagona tulo.

Mmawa mwake ndidaimbira mlongo wanga amene amakhala nawo, ndipo ndidamufunsa mafunso a pa pepala la galu. Adakhala chete pang'ono, nati, "Achimwene, mwayamba liti kufunsa zimenezi?" Kenaka adamasuka. Mayi adali atasiya kupita kutchalitchi kuyambira Pasaka, chifukwa mtunda udawatalikira ndipo kugwada kudakanika. Akakhala pa mphasa sankadzuka popanda kugwira chipupa. Kuphika pa mafuwa kudawalaka, koma ankakakamira. Ku chimbudzi ankapita kamodzi kokha, mmamawa anthu asanadzuke, kuti wina asaone mmene ankavutikira kunjuta, ndipo chifukwa cha chimenecho ankadzimana madzi akumwa. Mapiritsi a Brufen ndi Indocid ankamwa tsiku ndi tsiku, kawirikawiri asanadye kanthu, ndipo adali atayamba kudandaula kutentha kwa pamtima. Zonsezi zidachitika ine ndikumva kuti ali bwino. Adasiya zinthu chimodzichimodzi, ife nkumati akula.

Pa ulendo wotsatira ndidamufunsa dokotala wa ziweto uja mosabisa, kuti kodi kuwalaku kumachizadi, ndipo kodi ndisunge ndalama kuti mayi anga akalandire. Adandiyankha moona mtima, ndipo ndimamulemekeza pa chimenecho. Adati laser siibwezeretsa mfundo yomwe yatha. Imachepetsa ululu ndi kutupa kwa kanthawi, kwa odwala ena, ndipo ukasiya kupita mphamvu yake imazirala. Adandiuza za kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2018, wa agalu 20 odwala nyamakazi ya m'zigongono. Mwa agalu 11 omwe adawalitsidwa kwa masabata 6, agalu 9 adatha kuchepetsa mankhwala a ululu, pamene mwa agalu 9 omwe adangowanamizira ndi chipangizo chosagwira ntchito palibe ndi mmodzi yemwe adatero. Adati zotsatirazo nzolimbikitsa, koma agalu 20 ngochepa, ndipo akatswiri sadagwirizanebe za mlingo woyenera wa kuwalako. Kenaka adandiuza za kafukufuku wina wa agalu 48 a mtundu wa Labrador omwe adatsatiridwa moyo wawo wonse. Theka la iwo linkadya chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi abale awo. Agalu odya pang'onowo adachedwa kudwala nyamakazi, ndipo adakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo.

"Chomwe chikumuthandiza kwambiri Bruno," adatero, "ndi mbale yomwe mwachepetsa, kuyenda pang'ono tsiku lililonse, pogona pofunda, makapeti omwe mwayala pa matailosi, ndi mankhwala olondola. Kuwalaku ndi kothandizira chabe. Za mayi anu, apiteni nawo kwa dokotala wa anthu, ndipo mukamuuze za mapiritsi akumwawo."

Pano ndiime pang'ono ndichenjeze amene muli ndi ziweto, chifukwa ambiri a ife timagawana mankhwala ndi nyama zathu mwachifundo. Brufen ndi diclofenac zimaboola m'mimba mwa galu ndi kuononga impso zake. Panado amapha mphaka, ngakhale piritsi limodzi. Mankhwala a ululu a ziweto alipo, koma alembedwe ndi a vetenale.

Mu December chaka chimenecho ndidakwera basi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi mlatho wa pa Zambezi ku Tete, mpaka kulowera pa chipata cha Dedza. Sindidatenge makina alionse. Ndidapita nawo mayi ku chipatala, komwe adawayeza, adawaletsa kumwa mapiritsi aja mwachisawawa, adawapatsa ena ndi malangizo a kamwedwe kake, nawaphunzitsa kulimbitsa minofu ya ntchafu atakhala pa mpando. Zotsalazo tidachita ndi manja athu. Mmisiri wa m'mudzi adakhoma mpando wautali wokhala ndi mogwira, ndi wina wobooka pakati wa ku chimbudzi, ndipo tidazika mtengo wogwirira pambali pake. Tidaumba chiunda cha njerwa nkuikapo mbaula kuti aziphika atakhala pa mpando. Tidagula matiresi ndi bulangeti lolemera. Adzukulu tidawagawira masiku otunga madzi ku mjigo. Ndodo adaikana masiku atatu, amvekere sindine nkhalamba, koma tsiku lachinayi ndidaipeza itatsamira pa khomo la kukhitchini, kunsonga kuli matope. Zonsezi pamodzi sizidafike pa mtengo wa mwezi umodzi wa kuwalitsa galu. Pa Khirisimasi adapita kutchalitchi pa njinga ya kabaza, nakhala pa benchi osagwada, ndipo palibe adawadzudzula.

Akuluakulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine mwambiwu ndinkaumva ngati ukuletsa kunyoza kholo lolumala. Sindinkadziwa kuti munthu angathe kuusunga mopitirira, mpaka osauona nkomwe mwendowo.

Sindikunena kuti mkwiyo wanga uja udalibe chifukwa. Mpaka lero sindidaupezere yankho. Si chilungamo kuti galu wa ku Rynfield ajambulidwe mafupa tsiku lomwe wadwala, pamene mayi wa ku Dedza adikira zaka khumi. Koma ndidaleka kumuda galuyo, ndipo adona ndidayamba kuwaona mwina. Ana awo ali ku Perth, ku Australia. Amaimba Lamlungu, monga ine, ndipo ndawamvapo kangapo adona akuyankha pa foni kuti ali bwino, pamene mmawa womwewo adandiitana kuti ndiwatsegulire botolo lomwe zala zawo zidalephera. Bruno adali galu wa malemu amuna awo. Ndalama zija sankalipirira mafupa a galu okha, ankalipirira chamoyo chotsiriza chomwe chinkawatsatira m'nyumbamo.

Bruno adakhala nyengo ziwiri zina za chisanu. Adatsika thupi, adayambanso kundichingamira pa geti, ngakhale mochedwa ndi motsimphina. Sindingalumbire kuti gawo la kuwala lidali lalikulu bwanji pa kuchira kwakeko, chifukwa tidasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Chomwe ndidaona ndi chakuti tsiku lotsatira kuwalitsa ankadzuka mopepukirako. Pomaliza miyendo idakaniratu, ndipo dokotala adabwera kunyumba kudzamugoneka tulo tosadzuka, mutu wake uli pa nsapato yanga monga kale. Dzenje ndidakumba ine, kuseri kwa mtengo wa mandimu. Nditawauza mayi pa foni, adati, "Pepani, bambo. Galu wamkota sakandira pachabe. Ameneyo adandikandira ine." Lero ndikawaimbira moni timapatsana monga mwa mwambo, koma ndikatha ndimafunsa kuti adzuka bwanji pa mpando, afika pati ndi ndodo, agona maola angati. Poyamba ankati ndikuwafunsa ngati wapolisi. Tsopano amayankha, ndipo masiku ena amayamba okha.

Ndibwerere ku liwu lomwe ndidabwera nalo. Ndikupempha kuti laser tisailembe kuti leza, ngakhale pakamwa imamveka choncho. Dzina limenelo lili ndi mwini wake, ndipo kulipereka kwa kabokosi ka magetsi nkulonjeza odwala zoposa zomwe kangathe. Alipo kale ogulitsa tizipangizo towala pa intaneti amene amalonjeza kuchiza chilichonse, tisawathandize ndi chilankhulo chathu. Chipangizocho chikhale laser, monga chidabwerera, ndipo ntchito yake tiziti kuwalitsa mfundo, kapena chithandizo cha kuwala.

Koma pempho langa lalikulu ndi lina. Pamene ndinkamasulira mayi mafunso aja, ndidapeza kuti tili ndi mawu ambiri a ululu kuposa omwe timagwiritsa ntchito. Pali kuwawa ndi kupweteka, pali kuphwanya kwa m'thupi, kubaya, kulasa, kutentha, kuyabwa, dzanzi, ndi kuuma kwa mfundo mmamawa. Ku Lusaka ndamva akuti mwendo ubaba. Mayi anga amati bondo likudya. Dokotala amene angamve kusiyana kwa mawu amenewa angathandize msanga, ndipo mwana amene angawadziwe angafunse bwino. Tsono inu a ku Katete, a ku Ulongwe, a ku Nkhotakota, a ku Likoma ndi kutsidya kwa nyanja, agogo anu amati chiyani bondo likakana mmawa wa chisanu? Lembani m'munsimu, titole mawuwo pamodzi. Ndipo amene simukudziwa, aimbireni muwafunse.